MZERE WA USIKU: MMENE ANTHU AMAWONGOLERA NTCHITO ZA MAKINA AAKULU

Dzuwa likalowa ndipo zitseko za mabanki zikatsekedwa, anthu ambiri amayesa kuti ntchito ya tsikulo yatha. Komatu m'mabanki aakulu a ku London, ku New York kapena ku Johannesburg, nthawi imeneyo ndi pamene ntchito yolemetsa imayambika. Zonse zimene zachitika masana, ndalama zosungitsidwa ndi zotapidwa, ngongole zobwezedwa ndi malipiro oyembekezera kulowa, zimasonkhanitsidwa pamodzi ndi kuperekedwa ku makina aakulu a kompyuta otchedwa mainframe, kuti pomacha buku la munthu aliyense likhale litawongoka. Ntchito zimenezi sizichitidwa imodziimodzi mwini wake ataima pakauntala ayi, koma zimamangidwa m'mitolo, ndipo mitoloyo imafola pamzere kudikira nthawi yake. Amisiri a makinawa amati kagwiridwe kotereka ndi batch.

Tsono pamzere uliwonse pamakhala funso limodzi lomwe limautsa mapiri pachigwa: ayambe ndani? Aliyense amene anapitako kuchigayo m'nyengo yokolola amadziwa kuti wachigayo sangotsata amene anafika poyamba. Amaona kuti uyu wabwera ndi kalichero kokha, uyo wabwera ndi matumba asanu, winayo akufuna mgaiwa pomwe anzake akufuna kukonola, ndipo wina wachokera pamaliro pomwe anthu akudikira ufa. Chigayo chimangopera zomwe zathiridwamo, koma nzeru yosankha woyamba ndi ya munthu. Makina aakulu nawonso ali chimodzimodzi. Iwo sadziwa kuti malipiro a antchito ndi ofunika msanga kuposa lipoti lomwe bwana adzaliwerenge mlungu wamawa. Malamulo a mzere amalembedwa ndi anthu, ndipo bungwe lililonse lokhala ndi makinawa limawasintha kuti agwirizane ndi zosowa zake. Luso limeneli ndi lakale ndiponso lobisika, koma likaphonyedwa, anthu osalakwa amagona ndi njala ndalama zawo zili m'banki.

CHIYAMBI CHA MITOLO

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, wofuna kugwiritsa ntchito kompyuta ankalembetsa dzina ndi kupatsidwa ola lake, monga momwe anthu amabwerekera ngolo pamudzi. Pamene iye anali kalikiliki kumanga matepi, kusanja makadi ndi kukanda m'mutu posaka pomwe walakwitsa, makina okwera mtengowo ankangokhala chete. Pofuna kuthetsa kusakaza nthawi kumeneku, mu 1956 amisiri a kampani ya galimoto ya General Motors pamodzi ndi anzawo a North American Aviation anapanga pulogalamu yoyendetsera makina a IBM 704. Udindo wake unali umodzi: ntchito ina ikatha, iyambitse inzake popanda kudikira munthu. Pulogalamu yotere ili ngati kapitawo wa makina, pakuti iyo payokha silima, koma imagawa mizere ndi kuona kuti aliyense walima pake.

Pa 7 Epulo 1964 kampani ya IBM inalengeza mtundu watsopano wa makina wotchedwa System/360, ndipo kapitawo wake, OS/360, anafika kwa ogula mu 1966. Kapitawo ameneyu anabereka MVS mu 1974, kenaka OS/390 m'zaka za m'ma 1990, ndipo pomaliza z/OS, yemwe anayamba kugulitsidwa mu 2001 ndipo akugwirabe ntchito mpaka lero. Chodabwitsa cha banja limeneli ndi chakuti mdzukulu amamvabe chilankhulo cha agogo ake. Ntchito zambiri zomwe zinalembedwa m'zaka za m'ma 1970 zimatha kuyenda pamakina atsopano popanda kusinthidwa kwenikweni. Apa ndi pomwe pagona mphamvu ya makinawa, ndipo apa pomwepo ndi pomwe pagona vuto lake, chifukwa cholowa chimabwera pamodzi ndi mfundo zonse zomwe makolo anamanga.

KALATA YOPITA KWA KAPITAWO

Mtolo uliwonse umayenda ndi kalata yake yolembedwa m'chilankhulo chotchedwa JCL. Kale kalatayi inkalembedwa pamakadi a pepala lolimba oboolaboola, khadi lililonse lokhala ndi malo a zilembo 80. Malo 8 omalizira ankasiyidwa kuti pakhale nambala ya khadi, kotero kuti munthu akapunthwa ndi kumwaza bokosi la makadi 2,000, makina osanja athe kuwabweza m'malo mwake. Makadi anatha kalekale, koma mpaka lero mzere wa JCL umayamba ndi timizere tiwiri topendama ndipo umasungabe muyeso wa khadi.

Mawu aakulu a m'kalatayi ndi atatu. Liwu la JOB limanena dzina la ntchito, mwini wake ndi amene adzalipire. Liwu la EXEC limatchula pulogalamu yoti iyende, ndipo ntchito imodzi ikhoza kukhala ndi masitepe ambiri otsatana. Liwu la DD limaloza fayilo yoti iwerengedwe kapena kulembedwa. Mwachitsanzo, mutu wa kalata ungaoneke motere:

//MALIPIRO JOB 123,CLASS=B,TIME=5

Pamenepa kapitawo wauzidwa kuti ntchitoyi dzina lake ndi MALIPIRO, dzina lomwe lakwana ndendende pa zilembo 8 zololedwa, kuti mtengo wake ulembedwe pa akaunti 123, kuti ifole m'gulu B, ndi kuti isadye nthawi ya ubongo wa makina kupitirira mphindi 5. Ikapyola malirewo imadulidwa, ndipo mwini wake amalandira pepala lokhala ndi chizindikiro cha S322. Wolemba TIME=1440, yomwe ndi nambala ya mphindi za tsiku lathunthu, amakhala atapempha kuti pasakhale malire konse.

Aphunzitsi amene amalimbana ndi ophunzira pa nkhani ya mpumiro ndi mpatuliro angapeze umboni wabwino m'chilankhulo chimenechi. Mpata umodzi wosiyidwa pamalo olakwika umachititsa kapitawo kuyesa mawu onse otsatira ngati ndemanga chabe, nawadumpha osadandaula. Palinso lamulo la COND, lomwe limaganiza chagada: m'malo monena nthawi yoti sitepe iyende, limanena nthawi yoti idumphidwe, ndipo lasokoneza mitu ya amisiri a mibadwo ingapo. A Fred Brooks, omwe anatsogolera ntchito yopanga OS/360, anadzavomera okha atakalamba kuti JCL ndi chilankhulo choipitsitsa cha makompyuta chomwe chinapangidwapo, ndi kuti chinapangidwa iwo ali pampando.

Nkhani ya kapulogalamu kotchedwa IEFBR14 imaonetsa kuti m'ntchitoyi mulibe chinthu chaching'ono. Kapulogalamuka kanapangidwa kuti kasachite kanthu, kangobwerera msanga, pofuna kupatsa kapitawo mpata wopanga kapena kufufuta mafayilo otchulidwa m'mizere ya DD. Poyamba kanali ndi lamulo limodzi lokha. Komabe kanapezeka ndi cholakwa, chifukwa kankabwerera kosanena kuti zonse zayenda bwino, ndipo panafunika kuwonjezera lamulo lachiwiri loika 0 pamalo a yankho. Yankho limeneli ndi lofunika, pakuti mwa mwambo 0 amatanthauza kuti zonse zili bwino, 4 ndi chenjezo, ndipo 8 kapena kuposerapo ndi vuto, ndipo masitepe otsatira amayang'ana nambalazi asanayende.

MPHATSO YOCHOKERA KU HOUSTON

OS/360 atangofika, ogula anapeza kuti kasamalidwe kake ka mzere n'kolemera ndi kochedwa. Makina owerenga makadi ankatha makadi 1,000 pa mphindi, ndipo makina osindikizira abwino kwambiri a IBM 1403 ankatha mizere 1,100 pa mphindi, pomwe ubongo wa kompyuta unkatha malamulo zikwi mazanamazana pa sekondi imodzi. Kulola ubongowo kudikira pepala kunali ngati kumangirira galimoto kumbuyo kwa ng'ombe.

Ku Houston, m'chigawo cha Texas ku America, pamalo pomwe bungwe la NASA linkakonzekera maulendo a kumwezi, antchito a IBM, makamaka a Tom Simpson ndi a Bob Crabtree, analemba pulogalamu yawoyawo yomwe inatchedwa HASP. Iyo inkalandira makadi onse ndi kuwasunga padisiki, kusankha ntchito yoyenera kuyamba, ndi kusunganso zotuluka padisiki mpaka makina osindikizira atapeza mpata. Inayamba kugawidwa kwa ena mu 1967, ndipo inafalikira kwambiri moti kampani inaitenga kukhala gawo la MVS ndi dzina latsopano la JES2. Mpaka pano mauthenga ambiri oonekera kwa woyang'anira makina amayamba ndi zilembo za $HASP. Motero chomwe chinayamba ngati kukonza kwa nyumba imodzi chinasanduka mwambo wa dziko lonse lapansi.

NJIRA ZITATU ZOSINTHIRA MZERE

Njira yoyamba, yomwenso ndi yosaopsa kwenikweni, ndi kugawa magulu ndi maudindo. Mwa mwambo magulu a ntchito amatchulidwa ndi chilembo chimodzi, kuyambira A mpaka Z, kapena nambala kuyambira 0 mpaka 9, onse pamodzi 36. Tanthauzo la chilembo chilichonse silichokera ku IBM ayi. Bungwe limadzisankhira lokha. Lingagamule kuti A ndi ntchito zazifupi zoyeserera, B ndi za malipiro, ndipo T ndi zofuna kuti munthu amange tepi. Kenaka pali antchito a kapitawo otchedwa initiator, omwe aliyense amanyamula mtolo umodzi pa nthawi, kuchokera m'magulu okhawo omwe wauzidwa. Masana woyang'anira angatsegule ambiri otumikira gulu A kuti olemba mapulogalamu asadikire, ndipo usiku n'kuwatembenuzira ku gulu B. M'kati mwa gulu, ntchito iliyonse ili ndi ulemu wake kuyambira 0 mpaka 15, ndipo bungwe lingalamule kuti ulemu wa ntchito yomwe yadikira nthawi yaitali uzikwera pang'onopang'ono, kuti wosauka asagone pachigayo chifukwa cha olemera obwera pambuyo.

Koma pomwe pali lamulo pamakhalanso ochenjera. HASP inkatha kupereka ulemu molingana ndi nthawi ndi kuchuluka kwa mapepala zomwe mwini ntchito walonjeza, ntchito zazifupi n'kumatsogola. Choncho ena ankalonjeza zochepa dala kuti adumphe anzawo, ena n'kumalemba akaunti ya eni ake kapena kudziika m'gulu losawayenera.

Apa ndi pomwe pamabwera njira yachiwiri, ya makomo otchedwa exit. Awa ndi malo omwe opanga kapitawo anasiya dala, pomwe kapitawoyo amaima kanthawi ndi kuitana kapulogalamu kolembedwa ndi eni nyumba kuti kanenepo maganizo. Khomo la IEFUJV limaona mizere ya JCL ntchito isanavomerezedwe, ndipo likhoza kukonza mzere kapena kukana ntchito yonse ngati akaunti ndi yabodza. Khomo la IEFUTL limaitanidwa nthawi ikatha, ndipo ndi lomwe limagamula ngati ntchito idulidwe kapena iwonjezeredwe mphindi, chifukwa kudula ntchito ya malipiro itatsala pang'ono kutha n'kutaya usiku wonse. Khomo la IEFACTRT limatseguka sitepe kapena ntchito ikatha, ndipo mabungwe ambiri amaligwiritsa ntchito polemba mzere wosonyeza dzina la sitepe, yankho lake ndi nthawi yomwe yadya, kuti wowerenga asavutike kusanthula mapepala.

Makomo amenewa amalembedwa m'chilankhulo chovuta cha Assembler, ndipo amayenda ndi ulamuliro wa kapitawo mwini. Pulogalamu wamba ikalakwitsa imafa yokha, koma khomo likalakwitsa likhoza kukana ntchito iliyonse yofika, ngakhale ntchito yomwe yatumizidwa kudzakonza khomolo. N'chifukwa chake mmisiri wanzeru amayamba wakonza njira yothawira asanakhudze chilichonse.

Njira yachitatu ndi kulembanso thupi lenileni la pulogalamu. HASP ndi JES2 yoyambirira zinkaperekedwa pamodzi ndi mawu ake onse, ndipo mabungwe ankalowetsamo mizere yawo momasuka. Zinkakoma poyamba, koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere: IBM ikatulutsa mtundu watsopano, kusintha konse kunkayenera kusokedwanso ndi manja, ndipo ngati mmisiri amene anasoka poyamba anali atachoka, otsala ankangoyang'anana. M'zaka za m'ma 1980 JES2 inapatsidwa makomo akeake, ndipo mu 1983 IBM inalengeza kuti isiya kupereka mawu a mapulogalamu ake ambiri. Kuyambira pamenepo njira ya makomo ndiyo inakhala yodalirika.

KAUNDULA NDI KUGAWANA NZERU

Pofuna kuti kusintha kulikonse kudziwike, panapangidwa pulogalamu ya kaundula yotchedwa SMP, yomwe lero ndi SMP/E. Kusintha kumayamba kwalandiridwa, kenaka kumaikidwa mongoyesera ndi lamulo la APPLY, ndipo ngati kwabweretsa mavuto kumachotsedwa ndi lamulo la RESTORE. Pokhapokha nthawi itapita ndipo onse akhutira ndi pomwe lamulo la ACCEPT limaperekedwa, pakuti likaperekedwa njira yobwerera yatsekeka. Mwambo wonse wa ntchitoyi wagona m'mawu atatu amenewa.

Amisiri sanasunge nzeruzi m'matumba mwawo. Kuyambira 1955 ogwiritsa ntchito makina a IBM anali ndi bungwe lawo lotchedwa SHARE, komwe ankasinthana mapulogalamu. Mu 1975 a Arnold Casinghino a kubanki ya Connecticut Bank and Trust anayamba kusonkhanitsa makomo ndi zida zina zolembedwa ndi anzawo pa tepi imodzi, yomwe inatchuka ndi dzina la CBT Tape. Bankiyo inatha, koma nkhokweyo ilipobe ndipo aliyense akhoza kutapamo kwaulere. Ndithudi mutu umodzi susenza denga.

USIKU UMENE MZERE UNASOKONEKERA

Pamwamba pa JES2, mabungwe aakulu amaikanso pulogalamu ina yosunga ndandanda ya usiku wonse, yodziwa kuti ntchito iyi isayambe inzake isanathe, chifukwa chiwongoladzanja sichingawerengedwe ndalama za tsikulo zisanalowe. Mu Juni 2012, gulu la mabanki a Royal Bank of Scotland, NatWest ndi Ulster Bank linaika mtundu watsopano wa pulogalamu yotere. Ataona kuti sukuyenda bwino, amisiri anaganiza zouchotsa ndi kubwerera ku wakale, koma sanayambe ayesa kuti aone zotsatira za kubwererako, ndipo sanadziwe kuti mitundu iwiriyo sinkamvana. Mitolo ya usiku inasokonekera, ndipo popeza usiku uliwonse umamangidwa pa unzake wadzulo, ntchito zinaunjikana.

Kuyambira pa 20 Juni, anthu oposa 6.5 miliyoni a ku United Kingdom anakhudzidwa. Malipiro sanaoneke m'mabuku, ngongole za nyumba sizinalipidwe pa nthawi yake, ena anasowa ndalama ali kumaiko a eni, ndipo makampani ena analephera kulipira antchito awo. Kwa osunga ndalama ku Ulster Bank mavutowa anatenga milungu ingapo. Mu Novembala 2014 mabungwe awiri oyang'anira mabanki ku Britain analipitsa gululi chindapusa cha mapaundi 42 miliyoni ndi 14 miliyoni, pamodzi 56 miliyoni. Makina sanawonongeke, ndipo panalibe wakuba amene anathyola. Chomwe chinasowa ndi kuyesa njira yobwerera ulendo usanayambe.

MWAYI WA ACHINYAMATA

Ambiri mwa amisiri amene analemba makomo a m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 anapuma pantchito, koma zomwe analemba zikugamulabe milandu usiku uliwonse. M'mabungwe ena muli malamulo omwe palibe amene akukumbukira chifukwa chake, ndipo aliyense amaopa kuwakhudza. Motero munthu wofunika kwambiri m'chipinda cha makina si wothamanga polemba, koma wodekha powerenga zomwe ena analemba, wofunsa asanasinthe, ndi wosiya mbiri yomveka kwa wodzabwera pambuyo pake. Paja akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Wophunzira amene watsiriza sukulu safunikanso kukhala ndi makina odzaza chipinda kuti alawe lusoli. Mu 1999 a Roger Bowler anayambitsa pulogalamu yaulere ya Hercules, yomwe imachititsa kompyuta wamba kudziyesa mainframe. Pa iyo pamayenda MVS 3.8J, mtundu wa cha m'ma 1980 womwe aliyense amaloledwa kugwiritsa ntchito popanda kulipira, ndipo okonda makina akale anaumanga m'mitolo yosavuta kuika, monga TK4- ya a Jürgen Winkelmann ndi TK5 ya a Rob Prins. Pamenepo mnyamata kapena mtsikana akhoza kulemba kalata yake ya JOB, kutsegula ndi kutseka ma initiator, kusintha khomo la IEFACTRT, kugwetsa makina onse ndi kuwadzutsanso popanda wina kusowa malipiro. Mtundu umenewu ndi wakale ndipo suli ndi zonse za z/OS, koma maziko ake ndi omwewo.

Aphunzitsi nawo ali ndi gawo lawo. Wophunzira amene wazolowera kusonyeza njira yonse pothetsa samu, kuwerenganso chimangirizo chake asanapereke, ndi kulemba tsiku ndi chifukwa pa chilichonse chomwe wasintha, wayamba kale kuphunzira ntchito ya amisiri a mzere wa usiku, ngakhale sanaonepo mainframe. Ntchito yawo ikayenda bwino palibe amene amawatchula dzina. Munthu amangopita kubanki m'mawa, n'kupeza ndalama zake zalowa, n'kupita kukagula ufa.

Gawo la mlungu wamawa lidzafotokoza za COBOL, chilankhulo chomwe mapulogalamu ambiri a m'mitolo imeneyi analembedwamo.